Mabungwe a Ogwira Ntchito M'boma ndi Udindo wa Mkhristu



1. Pakati panu pali aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi alembi a m'maofesi a boma. Ambiri a inu mumachotseredwa ndalama pa malipiro mwezi ndi mwezi zopita ku bungwe la apantchito, koma simunakhalepo pa msonkhano wake. Tikufuna kulankhula nanu za chimenechi.

2. Mpingo unavomereza kalekale ufulu wa apantchito wokhala m'mabungwe awo. Papa Leo XIII anaphunzitsa zimenezi mu 1891 m'kalata yake Rerum Novarum, ndipo Papa Yohane Paulo II anabwerezanso mu 1981 m'kalata ya Laborem Exercens. Kuno kwathu ufuluwu unali woponderezedwa nthawi ya chipani chimodzi. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anaubwezeretsa, ndipo lamulo la Labour Relations Act la 1996 linaika ndondomeko yake.

3. Ogwira ntchito m'boma ali ndi Civil Servants Trade Union, aphunzitsi ali ndi Teachers Union of Malawi, pomwe anamwino ndi azamba ali ndi National Organisation of Nurses and Midwives. Bungwe lotere limayambira pa sukulu, chipatala kapena ofesi, kumene mamembala amasankha woŵaimira. Pamwamba pake pali nthambi za m'maboma, kenaka akuluakulu a dziko lonse, osankhidwa pa msonkhano waukulu. Akuluakuluŵa ndiwo amakhala pansi ndi nthumwi za boma kukambirana za malipiro ndi kukwezedwa pa ntchito.

4. Mutu umodzi susenza denga. Mphunzitsi wakumudzi amene malipiro ake achedwa, kapena namwino amene waimitsidwa osamvedwa mbali yake, sangalimbane ndi boma yekha. Bungwe limamperekeza pa mlandu, limatsatira ndalama zake, ndipo zikakanika limamthandiza kukadandaula ku khoti la Industrial Relations.

5. Komabe tiyenera kunena mosapsatira kuti bungwe limafa pamene mamembala alisiyira atsogoleri okha. Funsani mmene ndalama zanu zikugwirira ntchito. Onetsetsani kuti zisankho zikuchitika pa nthawi yake. Mtsogoleri amene wagulidwa ndi chipani chandale salankhulanso m'malo mwanu.

6. Kunyanyala ntchito ndi ufulu, koma kudze pomaliza, zokambirana zitalephereka ndi chidziwitso chitaperekedwa monga lamulo likunenera. Mu February 2013 ogwira ntchito m'boma ananyanyala kwa masabata pafupifupi aŵiri. Malipiro anakwera, koma ana anakhala osaphunzira ndipo odwala anavutika. Amene amamva ululu woyamba ndi mayi wosauka amene alibe ndalama zopitira ku chipatala cholipira. Iyenso ndi mbale wanu.

7. Kwa olamulira tikuti: lemekezani zimene mwagwirizana ndi apantchito, lipirani pa nthawi yake, ndipo musaopseze munthu chifukwa cholowa bungwe. Boma lomvera msanga silidikira kuti masukulu atsekedwe.

8. Tikupempha miphakati yonse kukambirana mafunso aŵa: Kodi apantchito a m'dera lathu akuŵadziŵa oŵaimira? Nanga ife tingaŵathandize bwanji popanda kuiŵala osauka amene iwo amatumikira?

Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete, atipempherere tonse.