DONTHO LA OILO PANSI PA GALIMOTO LAKALE

Pa nyumba ya nambala 394 ku Chilenje, imene Dr. Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 kufikira 1962, pali Land Rover imene iye anayendamo m'masiku omenyera ufulu. Galimoto limenelo linapuma, siliyendanso. Koma anzace a zaka zomwezo sanathe onse. M'mabwalo a nyumba zina za m'Lusaka mukali Peugeot 404, Morris Minor, Volkswagen Beetle, ndi ma Fiat amene anali kumangidwa ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970. Ena akuyendabe, ena akhala pa njerwa kuseri kwa nyumba. Ndipo pafupifupi onse ali ndi nthenda imodzi: pamene agona usiku, m'mawa papezeka dontho lakuda.

Dontho limeneli siliri cizindikiro ca imfa nthawi zonse. Amisiri akale anatseka mipata ya injini ndi magasiketi a pepala ndi a khungwa lofewa la mtengo, zinthu zimene ziuma ndi kung'aluka zikakalamba. Injini ya Morris Minor, imene inapangidwa kuyambira 1948 kufikira 1971, m'mitundu yace yambiri iribe ndi mphira womwe wotseka kumbuyo kwace. Pali mizere yonga ya bauti, imene ikankha oilo kubwerera m'kati pamene injini izungulira. Tsono kapaipi kotulutsa mpweya m'injini kakatsekeka ndi litsiro, mpweyawo usowa njira, nukankhira oilo kunja pa mpata uli wonse. Eni ace ambiri ataya ndalama zao kutsitsa injini yonse, pamene mlandu unali wa kapaipi kofuna kutsuka cabe.

Mwini wanzeru ayamba wafunsa kumene dontho licokera. Atsuke injini, ayale cikatoni coyera pansi pa galimoto madzulo, ndipo m'mawa aone. Oilo wakuda, wakutsogolo, ndiye wa injini. Wolemera, wa fungo loipa longa la mazira oola, ndiye wa giya bokosi kapena wa difu. Mwini Land Rover audziwa bwino, pakuti galimoto lace liri ndi malo ambiri osungira oilo wotere, ngakhale m'mbali mwa magudumu akutsogolo. Koma madzi opyapyala, oterera, ooneka kuseri kwa gudumu, amenewo ndi mafuta a mabuleki, ndipo galimoto lotere lisatuluke pa cipata kufikira makaniko ataliona. Comweconso oilo wa difu akadutsa mphira wa ku gudumu nanyowetsa nsapato za mabuleki. Woyendetsa sadziwa kanthu pamene ali kunyumba. Adzadziwa pa Great East Road, pocokera ku Chelstone, mwana wa sukulu atalowa mu mseu, phazi liri pansi, galimoto likukokera mbali imodzi.

Kunena za kusintha oilo, lamulo lakale likali labwino: mamailo 3,000, ndiwo makilomita pafupifupi 5,000, kapena miyezi isanu ndi umodzi, ciri conse cimene ciyamba kukwana. Injini zakale zambiri zikonda oilo wolemera wa 20W-50. Wopyapyala wa magalimoto a makono apeza msanga mipata yothawira. Beetle yakale iribe fyuluta ya oilo, iri ndi kasefa ka waya kokha, cifukwa cace mwini wace asacedwe konse.

Pali ena amene anena kuti, galimoto langa liyenda pang'ono cabe, kucokera ku Kabulonga kufika ku Cairo Road ndi kubwerera, oilo wace angaipe bwanji? Amenewo alakwa. Ulendo waufupi supatsa oilo nthawi yotentha bwino, ndipo cinyezi ndi petulo zotsala m'menemo sizicoka, zisanduka matope. Kuonjezera apo pali fumbi la mphepo ya August ndi kutentha kwa October. Land Rover yakale isefa mpweya m'kambale ka oilo, ndipo m'cirimwe kambaleko kadzala dothi msanga, kafuna kutsuka kawirikawiri.

Mau amodzi kwa anyamata a sipanala a ku Kabwata ndi ku Woodlands: gasiketi ikadontha, mphamvu si mankhwala. Kumangitsa mabauti kuphwanya gasiketi ndi kupinda citsulo, dontho limodzi nilisanduka atatu. Aike yatsopano, namange pang'onopang'ono, mbali iyi ndi mbali iyo.

Nanga oilo wakuda wocoka m'injini apite kuti? Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi ambiri amene anthu amwa atungidwa pansi pomwepo. Oilo wothiridwa m'ngalande kapena m'dzenje kuseri kwa nyumba sakhala pamene wathiridwa. Mvula ya November ikagwa, atsika nayo kunka ku zitsime za anansi. Amuthire m'cigubu cotseka bwino, napite naye ku garaji imene ilandira oilo wakale.