Mphamvu ya Kaloba

Nkhani ya pa wailesi kwa anchito ndi mabanja ao ku Petauke ndi ku Nyimba

 Nkhani yathu ya lero ndi ya camba, kacasu ndi mapiritsi amene anthu ena alikumwa poti apeze mphamvu ya nchito.

Mau ace timawamva kawiri kawiri. Waganyu akuti, "Ine ndikasuta ndilima ekala yonse osapuma." Woyendetsa lole akuti, "Ndikamwa kapiritsi kamodzi ndifika ku Lusaka osatopa." Anthu otere sakunama konse ai, pakuti pa tsiku limenelo amagwiradi nchito osamva kuwawa. Koma tiyeni tifunse, kodi mphamvu imeneyo icokera kuti?

Nonse mudziwa kaloba. Munthu akakongola K100 lero, pakutha pa mwezi abweza K150, ndipo akalephera, ngongole ikula kufikira atagulitsa mbuzi ndi njinga. Mphamvu ya mankhwala osokoneza bongo iri cimodzimodzi. Camba sicionjeza magazi kapena mnofu m'thupi. Kutopa ndiye mthenga amene thupi limtuma kudzanena kuti, "Pumulani, idyani, gonani." Mankhwala angomtseka pakamwa mthengayo, ndipo munthu adya lero mphamvu imene inayenera kumgwirira nchito mawa. Ngongoleyo idzabwezedwa ndithu, ndipo kawiri kawiri oibweza ndiwo mkazi ndi ana.

Tiyambe ndi camba. M'masamba ndi m'maluwa ace muli mankhwala ochedwa THC, amene afika ku ubongo patangopita mphindi zowerengeka munthu atasuta. Nchito yace ndiyo kucedwetsa nzeru pa kuona cinthu ndi kucitapo kanthu, ndi kusokoneza munthu poyesa kutalika kwa mtunda. Taganizani za mseu wocokera ku mlatho wa Luangwa kukwera mapiri a ku Kacholola kufikira ku Nyimba, mmene ukhotera uku ndi uku. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola iyenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Woyendetsa akacedwa sekondi imodzi kuponda buleki, mamita 22 amenewo ndiwo alekanitsa moyo ndi imfa ya mai wogulitsa nthoci m'mbali mwa mseu. Zomwezo ziri kwa mnyamata wa njinga yamoto wonyamula wodwala, ndi kwa wokumba golide wolowa m'dzenje limene makoma ace alikung'ambika iye osaona.

Kwa acinyamata bvuto liposa pamenepa. Ubongo wa munthu upitiriza kukula kufikira zaka ngati 25, ndipo madokotala apeza kuti amene ayamba kusuta camba ali wamng'ono, nasuta masiku onse, ali pa ngozi yaikulu ya kudwala misala kuposa mnzace wosasuta. Cipatala ca Chainama ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962, cimalandira odwala otere. Kucokera ku Nyimba kufika kumeneko ndi makilomita oposa 300, ndipo ndalama za ulendo zituluka m'thumba la banja lomwelo.

Za mowa ena adzati, "Kodi makolo athu sanali kumwa?" Inde anali kumwa, koma mowa wa masese pa dima kapena pa maliro usiyana kutali ndi kacasu ndi mowa waukali wa m'timabotolo. Mukumbukira tujilijili, timapaketi tija tinali kulowa m'thumba la mwana wa sukulu, timene Boma linaletsa m'caka ca 2012 pamene Profesa Nkandu Luo anali nduna yoyang'anira maboma aang'ono. Timapaketi tinaletsedwa, koma ludzu lace linatsala. Dziwani kuti ciwindi cicotsa mowa m'magazi pang'ono pang'ono, ngati botolo limodzi laling'ono la mowa wamba pa ola, ndipo palibe tiyi, madzi osamba kapena nsima imene ingacifulumize. Cifukwa cace munthu amene wamwa kacasu kufikira pakati pa usiku afika pa nchito m'mawa mowa ukali m'magazi, ngakhale iye mwini adziyesa wabwino. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerenga kuti m'caka ca 2019 mowa unapha anthu 2.6 miliyoni.

Mdani wacitatu ndi wocenjera koposa, pakuti abwera atabvala malaya a cipatala. Ndikunena mapiritsi a tramadol ndi diazepam, ndi mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine. Awa ndi mankhwala abwino pamene dokotala walemba, koma ogulidwa mseri ali msampha. Tramadol ndi codeine agwira ubongo pa malo omwewo pamene igwira heroin. Thupi liwazolowera msanga: amene anayamba ndi piritsi limodzi afuna awiri, pambuyo pace anai, ndipo tsiku limene wawasowa amva kuphwanya m'thupi, thukuta ndi kutsegula m'mimba, kotero kuti sangagwire khasu. Cimeneco ndico ciongola dzanja ca kaloba uja. Akacurutsa tramadol akhoza kugwa ngati wakhunyu, ndipo akasakaniza mankhwalawa ndi mowa, mpweya ucepa ali m'tulo, ena osadzukanso.

Tinenepo za malamulo, cifukwa pali mphekesera yoti Boma linalola camba. Bungwe la Drug Enforcement Commission, limene ambiri alidziwa ndi dzina loti DEC, linakhazikitsidwa m'caka ca 1989. M'caka ca 2021 Nyumba ya Malamulo inapanga malamulo atsopano, ndipo limodzi la iwo lilola kulima camba ca mankhwala a cipatala ndi ca kafukufuku kwa okhawo amene apatsidwa laisensi. Lamulolo silinalole kusuta, ndipo silinalole kubisa mitengo ya camba pakati pa cimanga. Wocita zotere agwidwa monga kale, ndipo pamene iye ali m'ndende munda umera thengo.

Tsono ndilankhule ndi inu a pa nyumba, pakuti inu ndinu oyamba kuona. Ndalama za thonje kapena za pa mwezi zitha masiku atatu osaoneka cimene zagula. Thumba la fetereza lisowa m'nyumba. Munthu amene anali wofatsa ayamba kupsa mtima pa zacabe, maso ali psu, adya yekha, agona usana, ndipo pa Lolemba sapita ku nchito. Mabanja ambiri aona zonsezi nakhala cete cifukwa ca manyazi, ena nathamangira kunena kuti walodzedwa. M'mera mpoyamba: cizolowezi ca miyezi itatu cicoka msanga kuposa ca zaka zisanu.

Musalankhule naye ataledzera, pakuti pamenepo mulikulankhula ndi mowa. Dikirani m'mawa mutu uli bwino, ndipo munene zimene mwaona ndi maso anu, popanda kutukwana. Mutu umodzi susenza denga. Itanani atsibweni ace, ankhoswe, kapena akulu a mpingo amene iye awalemekeza. Musambwezere ngongole zace za mowa, ndipo musakamnamire kwa akapitao kuti wadwala malungo, cifukwa potero mulikumthandiza kukongola kaloba wina. Ndalama za zokolola zikabwera, panganani kuti mbeu, fetereza, mabuku ndi yunifomu za ana zigulidwe tsiku lomwelo. Ngati ayamba kumenya, tengani ana mupite kwa abale, ndipo mukanene kwa apolisi. Kupirira nkhonya sikuciritsa munthu.

Cenjezo lalikulu ndi ili. Munthu amene wamwa mowa waukali masiku onse kwa zaka zambiri asaleke mwadzidzidzi ali yekha m'nyumba. Pa masiku awiri kapena atatu akhoza kuyamba kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kukomoka, ndipo ena amafa. Umenewo si ufiti ai, ndi matenda amene ali ndi mankhwala ace. Musammange ndi zingwe, musamkwapule. Pitani naye ku kiliniki ya pafupi, ku cipatala ca boma ku Nyimba, ku Kalindawalo ku Petauke, kapena ku Minga. Dziwaninso kuti a DEC sali ogwira anthu okha. Ali ndi nthambi yophunzitsa ndi kupatsa uphungu, imene iyendera masukulu ndi malo a nchito. Wodwala akaleka nabwereranso, musataye mtima, cifukwa ambiri amene anacira anagwapo kangapo panjira.

Potsiriza, mau kwa inu olemba anthu nchito. Amene alipira aganyu ndi kacasu, kapena atuma dalaivala kubwerera ku Lusaka usiku womwewo osagona, ndiye mwini kaloba. Mankhwala a kutopa ndiwo tulo, cakudya ndi madzi akumwa. Wanchito wanu akayamba kusintha, muitaneni pambali mumlozere ku cipatala asanacite ngozi. Kumcotsa nchito kokha kungotumiza bvutolo kwa mkazi ndi ana. Caka ciri conse pa 26 June maiko akumbukira nkhondo yolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Ife tisadikire tsikulo. Ngati m'nyumba mwanu kapena pa nchito panu pali munthu amene nkhaniyi yamkhudza, mulankhule naye mawa m'mawa.