Nkhalamba ya M'kanema ndi Ambuya a ku Mpanshya

Nkhani yathu ya lero ndi ya mphunzitsi wina amene sanalembedwe ntchito ndi Unduna wa Zamaphunziro, koma ali kuphunzitsa ana athu madzulo alionse. Mphunzitsi ameneyu ndiye kanema. Ndifuna kuti tione pamodzi zimene iye aphunzitsa za munthu wamkazi, makamaka mkazi wokalamba. Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, tiyeni tiikhazike pa malo amodzi. Ndasankha Mpanshya, dziko la Asoli m'boma la Rufunsa, kum'mawa kwa Lusaka, kumene munthu amafikako popatuka mu msewu waukulu wa Great East asanatsikire ku mlatho wa Luangwa.

Kale kanema anali chinthu cha m'tauni. Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe m'chaka cha 1961, ndipo kwa zaka zambiri mwana wa kumudzi ankangomva mbiri yake kwa anthu obwera kuchokera ku migodi. Lero sizili choncho. Pamene pali kachipangizo ka sola padenga ndi foni m'thumba, pamenepo pali kanema. Mwana amene sanaponde mu Cairo Road waona kale nyumba za ku Lagos ndi za ku Johannesburg, ndipo wamva kalankhulidwe ka anthu okhalamo.

Nanga akazi amene awaona m'menemo ndi otani? Taganizani za akanema a ku Nigeria, amene anafalikira mu Afirika yense kuyambira pamene kunatuluka Living in Bondage m'chaka cha 1992. Mwa ambiri a iwo, mkazi wa imvi akangoonekera, mwana adziwiratu kuti zoipa zayandikira. Nkhalambayo ikhala yokha kumapeto kwa mudzi. Maso ake ndi ofiira, iyankhula yokha, ndipo usiku ituluka kukachita msonkhano ndi anzake pansi pa mtengo. Ikapanda kukhala mfiti, ndiye kuti ndi mpongozi wankhanza amene athira mankhwala m'chakudya cha mkazi wa mwana wake. Mayi Patience Ozokwor, katswiri weniweni wa masewero, anatchuka mpaka kuno kwathu kaamba kochita mbali yotereyi kawirikawiri. Pambali pa nkhalambayo paima mkazi wabwino, amene ntchito yake ndi kulira ndi kupirira mpaka abusa adzabwere kudzampulumutsa, ndiponso mkazi wa m'tauni wovala buluku, amene tonse tidziwa kuti wabwera kudzapasula banja.

Tisafulumire kunena kuti olemba masewerowa amadana ndi akazi. Chifukwa chake n'chapafupi koposa pamenepo. Akanema ambiri otere ankapangidwa m'masiku owerengeka ndi ndalama zochepa. Wolemba alibe nthawi yofotokoza mtima wa munthu, chotero afuna nkhope imene woonera aiopa kale, kuti ikangotulukira aliyense adziwe woipa ndani. Nkhope ya nkhalamba yosauka ndiyo yotsika mtengo kuposa zonse. Sifuna galimoto, sifuna nyumba yosanja. Ifuna nsanza, phulusa pang'ono, ndi kuseka kogonthetsa m'khutu. Ndi njira yachidule ya wolemba waulesi, koma amene alipira mtengo wa ulesiwo ndi munthu wina amene sanaonereko n'komwe kanemayo.

Tiyeni tizione bwino zizindikiro zimene kanema apatsa mwana kuti azindikire nazo mfiti. Maso ofiira ndi maso a munthu amene wapemerera moto wa nkhuni m'khitchini ya utsi kwa zaka makumi asanu. Kukhala yekha ndi kwa mkazi wamasiye amene ana ake anapita ku Lusaka kapena anatsikira kumanda. Kuyankhula yekha, kuiwala maina a adzukulu, kutuluka usiku ndi kusokera pakhomo pa eni, nthawi zambiri ndi matenda a ubongo odza ndi ukalamba, amene madokotala amawadziwa bwino. Zonsezi ndi zizindikiro za ukalamba ndi umphawi. Koma mwana amene waziona kambirimbiri pamodzi ndi ng'oma zoopsa waphunzira kuziwerenga mwa njira ina. Tsiku limene khanda lidzamwalira ndi malungo m'mudzimo, ndipo anthu m'chisoni chawo adzafuna wom'loza chala, mwanayo, amene tsopano ndi mnyamata wamphamvu, sadzavutika kusankha. Chikhulupiriro cha ufiti sichinabwere ndi kanema, tonse tidziwa. Chimene kanema achita ndi kuchipatsa nkhope, ndi kuibwereza nkhopeyo usiku ndi usiku. Ndikumbutseko kuti m'dziko muno lamulo la za ufiti, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1914, linena kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Tsopano chokani pa kanema, mupite ku chipatala cha mishoni cha St Luke's ku Mpanshya komweko. Yang'anani amene akhala pambali pa bedi la wodwala, amene aphika phala panja, amene achapa zofunda. Ambiri ndi akazi, ndipo pakati pawo simudzalephera kuona a imvi. M'zaka zoopsa zija za Edzi, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere, amene anasonkhanitsa ana amasiye ndi kuwalimira chimanga anali ambuya omwewa. Ambiri mwa aphunzitsi achinyamata amene muli kuwerenga nkhani ino munakulira m'manja otere. Kodi munaonapo kanema wosimba za iwo?

Palinso china. Asoli amatsata mtundu kuchikazi, ndipo si chachilendo kwa iwo kuti mkazi akhale pa mpando wa ufumu. Mfumu yawo yaikulu, Nkomeshya Mukamambo II, inalongedwa ufumu m'chaka cha 1971. Pa mwambo wa Chakwela Makumbi ku Chongwe, mfumu yaikaziyi ndiyo itsogolera anthu kupempha mvula ndi kubzala mbewu yoyamba. Ndifunse funso: wolemba waulesi uja atapatsidwa chithunzi cha mayi wachikulire ali kuyankhula ndi makolo akale kuti mitambo itsike, angamuike mbali iti m'sewero lake? Mwana wa Chisoli ali ndi zithunzi ziwiri m'mutu, cha ku mwambo ndi cha pa foni. Cha ku mwambo achiona kamodzi pa chaka.

Wina anganene kuti nthano zathu nazonso si zoyera. N'zoona. Muli mayi wopeza wankhanza, mulinso namwali wonyada amene anakana amuna onse mpaka anakwatiwa ndi chilombo. Koma m'nthano zomwezo muli nkhalamba ya zilonda yokhala m'mbali mwa njira, imene ipempha mtsikana kuti aisambitse. Womvera alandira mphatso. Wonyansidwa nayo akumana ndi tsoka. Nthano imeneyo iphunzitsa mwana kuti maonekedwe a nkhalamba ndi mayeso a mtima wake iye mwini. Kuwonjezera apo, wosimba nthano pamoto anali ambuya amene, ndipo mwana povomera kuti tilitonse anali kuyang'ana nkhope ya nkhalamba yamoyo imene yangompatsa mbatata yootcha.

Nanga masewero athu a kuno ku Zambia? Chitsegulireni wailesi ya kanema ya Zambezi Magic m'chaka cha 2015, taona masewero monga Mpali ndi Zuba, oyankhula zinenero zathu, opatsa ntchito ana athu aakazi aluso. Ichi n'choyamika, ndipo ine ndine mmodzi wa owaonera. Komabe taonani pamene nkhani zake zagona. Mpali ndi nkhani ya mlimi wolemera wa mitala, Nguzu, ndipo moto wa sewerolo ndi mpikisano wa akazi ake pa mwamuna mmodzi ndi chuma chake. Zuba ndi mtsikana wa kumudzi amene apita ku Lusaka kukagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu olemera. Mtsikana wa ku Mpanshya poonera aphunzira kuti moyo weniweni uyambira ku Lusaka, ndi kuti mdani woyamba wa mkazi ndi mkazi mnzake. Chikhalirecho pafupi ndi kwawo pali sukulu ya anamwino, kumene atsikana onga iye aphunzira kubadwitsa ana usiku pakati.

N'zotheka kusimba mwa njira ina, ndipo ana a dziko lino achita kale. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anatulutsa kanema wotchedwa I Am Not a Witch m'chaka cha 2017, ndipo analandira naye mphotho ya BAFTA ku London mu 2018. Nkhani yake ndi ya kamtsikana kamasiye, Shula, kamene anthu akanamizira ufiti. Mwa mboni zokaneneza muli mwamuna amene alumbira kuti kanam'dula mkono ndi nkhwangwa, chonsecho mikono yake yonse iwiri ili pomwepo. Kamwanako katumizidwa kukakhala ndi akazi okalamba oganiziridwa ufiti, aliyense womangidwa ndi nsalu yaitali yoyera kuti asauluke, ndipo mkulu wa boma, Bambo Banda, awagwiritsa ntchito m'minda ndi kuwaonetsa kwa alendo ojambula zithunzi. Nsalu zoyerazo ndi zopeka za Nyoni. Chimene iye anachita ndi kutembenuza kamera: m'malo moti tiope nkhalamba, tikhala pakati pawo, tiziona zikugawana chakudya ndi kulera kamwanako, ndipo oopsa asanduka aja oloza chala.

M'mabuku, aphunzitsi a sekondale ayenera kudziwa A Cowrie of Hope, lolembedwa ndi Binwell Sinyangwe ndi kusindikizidwa m'chaka cha 2000. Nasula ndi mkazi wamasiye wosadziwa kuwerenga, amene achibale a mwamuna wake anamulanda zonse. Ali nalo thumba limodzi la nyemba, ndipo apita nalo ku Lusaka kukagulitsa kuti mwana wake Sula apitirize sukulu. Tambwali wina am'bera thumbalo. Nasula alira ndithu, koma sakhala pansi kudikira mpulumutsi; asakasaka wakubayo m'mzindamo mpaka ampeza. Wolemba bukuli ndi mwamuna, zimene zitisonyeza kuti chofunika ndi kuyang'anitsitsa munthu musanam'lembe. Pophunzitsa bukuli mungawauzenso ana kuti lamulo la chuma cha masiye la 1989 linena kuti, ngati womwalira sanasiye wilo, 20 peresenti ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 ya ana, 20 ya makolo, ndi 10 ya ena amene ankadalira womwalirayo. M'masewero ambiri mkazi wamasiye amangothamangitsidwa ndi kachikwama kake, ngati kuti lamulo limeneli kulibe.

Tichite chiyani tsono? Kuletsa ana kuonera n'kutaya nthawi. Adzaonera kwa anzawo. Ntchito yathu ndi kuwaphunzitsa kufunsa. M'chaka cha 1985 mayi wina wojambula nthabwala ku America, Alison Bechdel, anafalitsa kayeso kosavuta ka kanema: kodi muli akazi awiri, kodi ayankhulana, ndipo kodi ayankhula za chinthu china osati za mwamuna? Kayesoka sikanena kuti kanema ndi wabwino kapena woipa. Kangothandiza maso kuona chimene chasowa. Ana a makalasi apamwamba a pulayimale angathe kukagwiritsa ntchito. Kwa ife ndionjezerapo mafunso awiri. Kodi nkhalamba ya m'sewerolo ili ndi dzina? Nanga mwaiona ikugwira ntchito yanji ndi manja ake? Lembani mayankho pa bolodi, anyamata mbali ina, atsikana mbali ina, ndipo musawathandize. Anyamata ena adzaseka ndi kunena kuti ndi sewero chabe. Musawakalipire. Afunseni ngati angalole kuti ambuya awo achite mbali imeneyo anthu a m'mudzi akuonera.

Pambuyo pake atumeni kunyumba. Aliyense akakhale ndi mayi wachikulire wa pafupi naye, wachibale kapena woyandikana naye, makamaka uja amene anthu sapitapita kwake. Akamufunse za chaka cha njala chimene akumbukira, za mmene ankafikira kuchipatala ndi wodwala njinga zamoto zisanabwere, za ana amene analera osakhala ake. Amene ayankhula Chisoli afunse m'Chisoli, pakuti nkhalamba isimba bwino m'chinenero chimene inayamwa. Pobwera, gawani anawo m'magulu, gulu lililonse lisankhe nkhani imodzi ndi kuisandutsa sewero la mphindi khumi, losintha maina a anthu. Ikani lamulo limodzi lokha, lakuti m'sewerolo musakhale mfiti kapena sing'anga woombeza. Mudzaona kuti poyamba adzavutika, chifukwa mwawatsekera njira yachidule ija. Apatseni milungu iwiri. Pa tsiku lochita masewerowo, tumani ana awiri aakulu kukatenga eni nkhanizo, ndipo muwakonzere mipando ya kutsogolo, pamthunzi.