KUMVETSERA MNG'ALU M'KATI MWA CHITSULO

Mayi wodziwa kugula mbiya sakhutira ndi kuyang'ana kokha. Amaigogoda ndi chala, natchera khutu. Ikalira bwino ndiye kuti ndi yamphumphu. Ikasasa mawu, ili ndi mng'alu. Kale ku njanji za ku Ulaya kunalinso anthu amene ntchito yawo inali yogogoda mawilo a sitima ndi nyundo. Koma mng'alu waung'ono wobisika pakati pa chitsulo khutu la munthu silingaumve. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa 3 June 1998 sitima yaliwiro inachita ngozi ku Eschede, m'dziko la Germany, ndipo anthu 101 anafa. Gwero lake linali mng'alu umene unakula pang'onopang'ono m'mkombero wa wilo limodzi.

Nanga chitsulo nkuchiyesa bwanji osachiswa? Akatswiri amagwiritsa ntchito mawu okwera kwambiri, otchedwa ultrasound pa Chingerezi. Mawu ndiwo kunjenjemera, ndipo khutu la munthu limalekeza pa kunjenjemera ka 20,000 pa sekondi imodzi. Oyesa zitsulo amatumiza mawu onjenjemera kokwana mamiliyoni angapo pa sekondi. Amapaka timafuta pa chitsulocho, nagunditsapo kachipangizo kotulutsa mawuwo. Mawuwo akakumana ndi mng'alu amabwerera, monga achitira mawu a munthu wofuula pakati pa mapiri.

M'chitsulo mawu amayenda mamita pafupifupi 5,900 pa sekondi, pamene mumpweya amayenda mamita 340 okha. Motero mng'alu ukakhala masentimita 3 kuchokera pamwamba, mawu amapita ndi kubwerako m'gawo limodzi mwa magawo 100,000 a sekondi. Wodziwa nthawiyo wadziwanso kuya kwa mng'aluwo.

Makina oyamba ogwira ntchito motere anawapanga Floyd Firestone wa pa yunivesite ya Michigan ku America, ndipo analandira chikalata cha umwini wake mu 1942. Mu 1955 dokotala wa ku Glasgow, Ian Donald, anapita ndi zotupa zimene anachotsa mwa odwala ku fakitale ina ya ku Renfrew kukaziyesa ndi makina oyesera zitsulo. M'menemo ndimo munachokera sikani imene amayi oyembekezera amaidziwa m'zipatala.

Vuto lalikulu silili pa kutumiza mawu, koma pa kumasulira zimene zabwerako. Chitsulo chili ndi timibulu ting'onoting'ono m'kati mwake, ndipo m'zitsulo zina, makamaka pamene anawotcherera, timibuluto timakula ndi kumwaza mawu mbali zonse. Chobwerako chimakhala phokoso, monga mufika pa wailesi ikamasokosa nthawi ya mphezi. Mawu a mng'alu amamira m'phokosomo. Woyesa angalakwe paŵiri. Angaone mng'alu pamene palibe, ndipo chitsulo chabwino chitayidwa, ntchito iima, anthu naleka kukhulupirira makinawo. Angathenso kuuphonya mng'alu weniweni, ndipo malipiro ake amakhala miyoyo.

Apa ndi pamene pagona ntchito ya ophunzira a madigiri apamwamba m'mayunivesite. Njira ina yapafupi ndiyo kutumiza mawu kambirimbiri pa malo amodzi ndi kuphatikiza zobwerako. Phokoso lochokera m'makina limasinthasintha, choncho limafafanizana lokha, pamene mawu a mng'alu amafika pa nthawi yomweyomweyo, nalimba. Koma phokoso la timibulu silichoka motero, pakuti timibuluto sitisuntha. Limafuna nzeru zina.

Mu 2005 ofufuza atatu a pa yunivesite ya Bristol ku England, Caroline Holmes, Bruce Drinkwater ndi Paul Wilcox, anafalitsa njira imene inatchuka kwambiri. M'malo mwa kachipangizo kamodzi amandandalika tambiri, tinene 64. Kamodzi kamatulutsa mawu, tonse 64 nkumvetsera. Kenaka kachiwiri, kachitatu, kufikira tonse titatha. Zomveka zimakwana 4,096. Tsono kompyuta imatenga kadontho kalikonse ka m'chitsulomo, niwerengera nthawi imene mawu akadatenga popita pamenepo ndi pobwera, niphatikiza zonse zogwirizana ndi nthawiyo. Pamene pali mng'alu mboni zonsezo zimavomerezana, ndipo pa chithunzi pamawala. Pamene palibe kanthu zimatsutsana, ndipo pamada.

Wophunzira wa ntchitoyi amayamba ndi chitsulo chimene waboola dala, chifukwa kukula ndi kuya kwa bowolo amakudziwa kale. Njira yake ikalipeza molondola, amachepetsa bowolo, nayesanso, mwina kwa zaka zitatu kapena zinayi. Funso limene aphunzitsi ake amamufunsa silikhala lakuti chithunzi chakongola bwanji. Amafuna kudziwa kukula kwa mng'alu umene njira yakeyo ingauphonye, pakuti pa nambala imeneyo ndi pamene mainjiniya amaikira nthawi yoyeseranso njanji, mapaipi a mafuta, milatho ndi mapiko a ndege.

Ntchitoyi ilibe chikondwerero. Ikayenda bwino, wilo limachotsedwa usiku ku malo okonzera sitima, lina nkuikidwapo, ndipo m'mawa apaulendo amafika kwawo osadziwa kuti kunali kanthu.