Sayansi m'Sukulu: Guluu Woyenera pa Kanyali ka LED

Lero m'phunziro lathu la sayansi tikamba za chinthu chimene ambiri amachipeputsa, ndicho guluu.

Mukukumbukira chilala cha m'chaka cha 2024. Madzi anachepa m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku ku Roma, ku Kabwata, ku Chelstone ndi m'madera ena a Lusaka. Nyumba zambiri zinadalira makandulo. Tsono kalasi lanu lingathe kupanga kanyali kosayatsa moto ndi zinthu zitatu: kababu ka LED, kabatire ka mavoti 3, ndi chidutswa cha akiliriki, pulasitiki yooneka ngati galasi imene ena amaitcha Perspex. Zidutswa zotsala mungakapemphe kwa opanga zikwangwani za masitolo.

Mphunzitsi aboole kabowo ka mamilimita 5 m'mphepete mwa chidutswacho, pofikira mutu wa kababu. Kuwala kumayenda m'kati mwa pulasitiki, n'kutulukira pamene mwakanda dzina lanu ndi msomali. Koma pakati pa kababu ndi pulasitiki pakatsala mpweya, kuwala kwina kumabalalika. Motero guluu ali ndi ntchito ziwiri: kugwira kababu, ndi kukhala njira ya kuwala. Tiyeni tione mitundu inayi.

Woyamba ndi supaguluu wa m'kachubu. Amauma msanga, koma nthunzi yake imasiya choyera ngati ufa pa pulasitiki, ndipo nthawi zina amaichititsa timing'alu. Amamatanso zala. Ameneyu musiyeni.

Wachiwiri ndi mankhwala amadzimadzi amene amisiri amalumikizira akiliriki. Iwo amasungunula nkhope ziwiri za akiliriki kuti zikhale chimodzi. Koma mutu wa kababu ndi wa pulasitiki ya mtundu wina, yosasungunuka, choncho sugwira. Fungo lakenso ndi loipa m'chifuwa.

Wachitatu ndi silikoni wooneka mbee, wa pa mawindo. Mununkhizeni chapatali. Ngati akumveka viniga, ali ndi asidi amene amadya timiyendo tachitsulo ta kababu. Wopanda fungo la viniga angathandize, ngakhale kuti sagwira akiliriki mwamphamvu.

Wachinayi ndi epokisi woonekera, wa machubu awiri amene mumasakaniza monga zalembedwera pa paketi. Ameneyu amadzaza kabowo konse, ndipo kuwala kumapyola mwa iye pafupifupi monga kumapyolera mu akiliriki. Sankhani wouma pang'onopang'ono, pakuti amapatsa timathovu nthawi yotuluka. Chilema chake n'chakuti amasanduka wachikasu akakhalitsa padzuwa. Kanyali kanu kazikhala m'nyumba.

Musanamate, chitani izi. Tsukani pulasitiki ndi madzi a sopo, iume bwino. Musaipukute ndi sipiriti, chifukwa ingang'aluke. Yesani kababu pa batire, mwendo wautali ukhudze mbali yolembedwa chizindikiro cha kuphatikiza. Kababu kakufa mukakamata, simudzakatulutsanso. Sakanizani guluu mofatsa ndi kamtengo ka machesi, dontho limodzi n'lokwanira. Tsegulani mawindo, ndipo guluu asafike m'maso kapena pakhungu. Kenaka musakhudze kufikira mawa. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Aphunzitsi, musangowauza ana yankho. Tengani zidutswa zitatu, mudonthezepo nokha supaguluu, silikoni ndi epokisi, chilichonse pachake. M'mawa mwake ana aziunike pa windo, alembe m'makope mwawo kuti ndi uti wachita chifunga, ndi uti wamatuka pomukanda ndi chikhadabo, ndi uti waonekabe ngati madzi. Mwana amene wadzionera yekha saiwala.

Sabata yamawa tidzaphunzira kulumikiza kaswichi. Mukonzeretu tizidutswa ta waya. Tsalani bwino, ana inu.