Chidule cha Khutba ya Jumu'ah: Bambo ndi Mafuwa a Pakhomo Pake

Kutamandidwa konse nkwa Allah (SWT), amene amatitulutsira nsomba m'nyanja ndi mbewu m'nthaka. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale athu olemekezeka m'Chisilamu, ena aona ngati nkhani ya lero ndi yochepa kuti ikambidwe pa mimbari, pakuti ndi nkhani ya moto, mphika ndi mthiko. Koma tonse taona zimene zimachitika m'makomo mwathu mayi akagonekedwa m'chipatala, kapena akapita kukadwazika m'bale wake kwa masabata awiri. Ufa uli m'nyumba, usipa uli m'lichero, nkhuni zili kuseri, koma ana akugona ndi njala chifukwa bambo akuti sadziwa kuphika. Kawirikawiri amene amasenza mtolowu ndi mtsikana wa zaka 10, yemwe amajomba kusukulu ndi kumadrasa kuti aphikire bambo ake ndi achimwene ake omuposa msinkhu.

Tidzifunse moona mtima. Ambiri a ife amene takhala m'mizere ino tinagonapo kudoko nyengo ya usodzi. Kumeneko alovi amadzikonzera okha mafuwa pamchenga, natereka mphika, navundula nsima yokwana anthu khumi, popanda mkazi ndi mmodzi yemwe. Ena tinakhalapo ku Johannesburg kapena ku Durban, amuna asanu m'chipinda chimodzi, tikuphika mosinthana tsiku ndi tsiku. Manja omwewo akangofika pakhomo amaiwala zonse. Choncho kwa ambiri a ife vuto si kusadziwa ayi, koma manyazi. Timaopa kuti alamu ndi anzathu a pabawo adzati tinadyetsedwa khuzumule. Ndi zomvetsa chisoni kuti Msilamu aziopa mawu otere, omwe maziko ake ndi chikhulupiriro cha zitsamba ndi matsenga, kuposa mmene akufunira kutsanzira Mtumiki wake.

Imam Bukhari analemba kuti mayi wathu Aisha (RA) anafunsidwa za zimene Mtumiki (SAW) ankachita akakhala m'nyumba mwake. Mayiwo anafotokoza kuti ankatangwanika ndi kutumikira akubanja kwake, ndipo nthawi ya Swala ikakwana ankatuluka kukaswali. M'mahadith ena timamva kuti ankasoka yekha chovala chake, kukonza nsapato zake ndi kukama mbuzi yake. Uyu ndi mtsogoleri wa Ummah wonse, amene Jibril (AS) ankamutsikira ndi chivumbulutso. Ulemu wake sunachepe ndi pang'ono pomwe chifukwa chogwira ntchito za pakhomo.

Taonaninso nyumba ya Jabir bin Abdillah (RA) pa nkhondo ya Khandaq, m'chaka cha 5 cha Hijra. Asilamu ankakumba ngalande yotetezera mzinda wa Madina ali ndi njala yoopsa, kufikira Mtumiki (SAW) anamanga mwala pamimba pake. Jabir ataona izi anapita kwa mkazi wake kukafunsa chimene chinatsala m'nyumba. Munali kambuzi kamodzi ndi balere wokwana swa' imodzi, muyeso womwe uja timapereka pa Zakatul Fitr. Mkazi anayamba kupera balere, Jabir nazinga kambuziko, nakaduladula, naika nyama mumphika. Pamene mkazi amamaliza kupera, mwamuna nayenso anali atamaliza mbali yake. Nthawi zambiri tikamafotokoza nkhaniyi timathamangira ku chozizwitsa, kuti anthu okwana 1,000 anadya nakhuta mphika udakabwata. Koma tisadumphe chiyambi chake. Barka imeneyi inatsikira pa chakudya chimene mwamuna ndi mkazi anakonzera limodzi. Ndipo amene ankanyema mkate, kuikapo nyama ndi kugawira anthu anali Mtumiki (SAW) mwini wake.

Maulama anasiyana maganizo pa funso loti kodi kuphika ndi lamulo kwa mkazi. Ambiri a madhhab a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife kuno timatsata, anati si ntchito imene Shariah imamukakamiza, koma ndi ubwino umene iye amachitira banja lake. Ena, monga Ibn Taymiyya ndi wophunzira wake Ibn Al-Qayyim, anati mkazi atumikire pakhomo molingana ndi chizolowezi chabwino cha kumaloko. Sitikunena izi kuti amayi aponye mithiko pansi madzulo ano. Fatima (RA), mwana wa Mtumiki, ankapera yekha mpaka manja ake anachita matuza. Tikunena kuti bambo amene amakalipa chifukwa nsima yachedwa, iye atakhala pampando chiswalire Asr, akumbuke kuti mbale imene akuilandirayo si ngongole imene akubwezeredwa. Mu Surat An-Nisa, ndime 19, Allah (SWT) akutilamula kukhala ndi akazi athu mwaubwino, ndipo ubwino umenewu umafika mpaka pamafuwa.

Alipo pakati pathu amene sadziwadi, chifukwa anakula akuthamangitsidwa kukhitchini ali ana. Kwa iwo tikuti munthu amaphunzira Alif ndi Baa ali ndi imvi, nanga nsima ingamukanike bwanji? Mphunzitsi muli naye kale m'nyumba. Pemphani akazi anu akuonetseni. Madzi akafunda mumathira ufa pang'ono, phala libwate mokwanira lisanaonjezedwe ufa wina, apo ayi nsima imatuluka yosapsa ndi ya mibulu. Poomola, chipande chiziviikidwa m'madzi. Usipa wouma umayamba watsukidwa ndi madzi ofunda kuti mchenga uchoke, anyezi ndi matimati zisanakhudze mphika. Inu a ku Nkhotakota mukudziwa kuti kondowole amafuna mphamvu za m'manja, mphika utapanidwa ndi mapazi. Nanga mphamvu zimene timakokera khoka zimatha bwanji pamene mayi woyembekezera akulimbana ndi mphika umenewu? Nsima yanu yoyamba idzalephereka, ana adzaseka. Idyeni choncho, mawa muyesenso.

Wophika aliyense asaiwale ukhondo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Ife amene timatawadha kasanu pa tsiku tisalephere kusamba m'manja ndi sopo tisanagwire chakudya, kuvundikira ndiwo, ndi kuwiritsa kapena kuthira mankhwala madzi akumwa.

Tilinso ndi mawu kwa amayi athu. Ena mwa inu ndinu amene mumalanda mthiko m'manja mwa amuna anu poopa kuti anzanu kuchitsime adzati ndinu aulesi. Ena mumathamangitsa mwana wamwamuna akayandikira moto, ati si malo ake, pamene mlongo wake wamng'ono akutsuka mbale za nyumba yonse. Mwana ameneyo ndi amene mawa adzagone ndi njala ku sukulu yogonera kapena ku Joni, ndi amenenso adzavutitse mwana wa eni ake. Mwamuna wanu akathira mchere wambiri musakalengeze kwa anansi. Muuzeni muli awiri.

Mwezi wa Ramadhan ndi umene umaonetsa poyera mmene tagawanirana ntchito. Mayi amafunga monga mmene ife timafungira, komabe amaima pamoto chiyambire masana kukonza futari, ife tikudikira adhana pamkeka. Tikapita ku Taraweh iye amatsala ndi mbale, ndipo usiku ndi iye amene amayamba kudzuka kukonza daku. Nayenso akufuna nthawi yowerenga Qur'an ndi kuswali Taraweh. Ramadhan ikubwerayi, bambo aliyense asankhe masiku awiri pa sabata oti daku akonze yekha, ngakhale litakhala phala la mpunga ndi tiyi basi, ndipo akazi ake awadzutse chakudya chitapsa kale.