Galimoto ya Magetsi ndi Petulo: Kukhala Nayo Tsiku ndi Tsiku

Lero tikamba za galimoto yokhala ndi injini ya petulo pamodzi ndi batire lalikulu locita kuchajidwa pa magetsi a m'nyumba. Azungu aicha plug-in hybrid. Tsiku lina wogulitsa magalimoto ocokera kunja adzakuonetsani imodzi, nadzakuuzani kuti siimwa ngakhale malita 2 pa makilomita 100. Mau amenewo sanawapeke yekha ai. Alembedwa ndithu m'mapepala a galimotoyo. Koma mukapereka ndalama zanu mutangomva zokhazo, mwina mudzayamba kudandaula caka cisanathe.

Poyamba tiisiyanitse ndi magalimoto ena a hybrid amene muwadziwa kale, monga Toyota Aqua kapena Fielder. Amenewo batire lao ndi laling'ono, lidzichaja lokha poyenda, ndipo alibe polowetsa cingwe. Iyi tikamba lero iri ndi kacitseko kena kuonjezera pa ka petulo, ndipo batire lake litha kuiyendetsa mtunda wotalikirapo injini iri cete.

Titenge citsanzo cimodzi, ndico Volkswagen Passat GTE ya thupi lalitali la station wagon, lofanana ndi la Fielder, kapena la Peugeot 504 zija zazitali zimene akuluakulu azikumbukira. Anayamba kuigulitsa mu 2015, ndipo anali kuipangira ku Emden m'dziko la Germany. Zambiri zinagulidwa ku Britain, kumene ciongolero cikhala ku dzanja lamanja monga kwathu kuno. Motero ndi galimoto imene munthu angathe kuitanitsa itagwirapo kale nchito. Injini yake ndi ya malita 1.4. Mota ya magetsi iri pakati pa injini ndi magiya. Batire lalikulu analiika pansi, kunsi kwa mpando wa kumbuyo. M'magalimoto oyamba linali la mayunitsi 9.9, ndipo kuyambira mu 2019 analikuza kufika pa 13. Mayunitsi amenewa ndi omwe aja mugulira mita ya kunyumba kwanu.

Opanga analemba kuti batire lodzaza liyenda makilomita 50 kapena kuposerapo pang'ono. Pa mseu weniweni, muli ndi banja m'kati ndipo mwayatsa coziziritsa mpweya, yembekezerani 30 kapena 40. Batire lokalamba lipereka ocepera pamenepo.

Tsono taganizani munthu wokhala ku Chilenje kapena ku Chelston, amene agwira nchito m'kati mwa Lusaka. M'mawa azula cingwe, acikulunga, nanyamuka. Galimotoyi ikayaka iyamba ndi magetsi, kotero kuti aturuka pa geti popanda phokoso. Pa mndandanda wa magalimoto a m'mawa, pamene anzace ali kutentha petulo ataima, iye sataya kanthu, pakuti mota ya magetsi siidya ikaima. Akaponda mabuleki, mota yomweyo isanduka copangira magetsi ndi kubwezera pang'ono m'batire. Atula ana kusukulu, afika kunchito, madzulo adzera ku msika, nafika kunyumba batire litatsala pang'ono kutha. Alowetsa cingwe pa kacitseko kali kutsogolo, pambali pa cizindikiro ca kampani, napita kukadya nsima. Pa soketi wamba batire laling'ono lija lidzaza m'maora opitirira 4, lalikululo m'maora ngati 6. Munthu wotere atha kukhala milungu ingapo osaima pomwetsera petulo.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Makilomita 40 m'tauni, galimoto yaikulu cotere ya petulo yokha ingamwe malita ngati 3. Kudzaza batire lalikulu lija kufuna mayunitsi ngati 11, tikawerengera ndi otayika pochaja. Pa masiku 22 a nchito ndiye kuti mbali imodzi pali malita 66, mbali ina mayunitsi 242. Mitengo isinthasintha, cotero ikanipo nokha ya mwezi uno. Musaiwale kuti mtengo wa magetsi a m'nyumba ukwera mukapitirira muyeso wina pa mwezi. Mayunitsi a galimoto adzabwera pamwamba pa a citofu, a firiji ndi a giza, ndipo kawirikawiri adzakhala odula aja. Ngakhale ziri tero, ambiri a inu mudzapeza kuti magetsi apambanabe.

Koma phindu lonseli likhalira pa cinthu cimodzi: dzanja lolowetsa cingwe madzulo alionse. Mukaleka, mwatsala ndi galimoto ya injini yaing'ono yosenza batire lolemera lopanda kanthu. Idzayendabe bwino, pakuti isunga mphamvu pang'ono yothandizira ponyamuka, koma idzamwa malita 6 kapena 7 pa makilomita 100, monga galimoto ina iriyonse.

Nanga malita 2 aja anacokera kuti? Poyesa galimoto zotere, akatswiri aiyendetsa batire liri lodzaza, naiyendetsanso litatha, kenaka aphatikiza ziwerengero ziwirizo poganiza kuti mwini wace adzayenda maulendo ace ambiri pa magetsi. Ku Ulaya anthu ambiri sanatero. Mu 2022 bungwe la International Council on Clean Transportation, pamodzi ndi la Fraunhofer ISI la ku Germany, linapeza kuti galimoto zimenezi zinali kumwa mafuta kuposa olembedwa katatu kufikira kasanu. Za anthu wamba zinali kuyenda pa magetsi pafupifupi theka la mtunda wao, koma za makampani zokha sizinali kupitirira makilomita 15 pa 100 alionse. Cifukwa cace ncosabisika. Wanchito anali kulandira khadi la petulo kwa bwana, pamene magetsi a kunyumba anali kulipira yekha. Ndani akadavutika ndi cingwe? Mu Marichi 2024 European Commission inaturutsa ziwerengero zocokera m'timakina toyesera mafuta m'magalimoto olembetsedwa mu 2021, ndipo zinaonetsa kuti utsi wa galimoto za mtundu uwu unali kuposa wolembedwa katatu ndi theka. Boma la Britain linali litaleka kale, mu Okutobala 2018, kuthandiza ndi ndalama ogula galimoto zotere. Ine sindiona colakwa pa galimotoyo. Inacita zimene eni ace anaicititsa.

Kwathu kuno funso liri ndi mbali ina. Ku Ulaya munthu aleka kuchaja cifukwa ca ulesi kapena kusowa poimika. Kuno atha kufuna, magetsi nkusowa. Mukumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi a ku Kariba ndipo nyumba zambiri zinali kukhala mumdima maora oculuka pa tsiku. Magetsi akabwera maora atatu pakati pa usiku, batire silidzaza. Pamenepo galimotoyi ionetsa ubwino wace woposa ya magetsi okha, popeza m'mawa mwace munyamukabe ndi petulo. Koma miyezi yotereyo mulipira ngati wina aliyense. Musayese kuichaja pa jenereta: ndiko kutentha petulo kunja kuti mupewe kuitentha m'kati, ndipo mutaya yoculuka. Amene muli ndi magetsi a dzuwa, funsani amene anakuikirani ngati makina anu angapirire makilowati oposa 2 kwa maora 6 osalekeza, ndipo kumbukirani kuti dzuwa liwala nthawi imene galimoto iri kunchito. Okhala m'nyumba zosanja, kapena amene galimoto yao igona kutali ndi khomo, adzifunse kaye kuti cingwe cidzacokera pati.

Za soketi ndinenepo molimbika, pakuti apa pali moto. Ketulo ikoka mphamvu yambiri kwa mphindi zisanu. Galimoto ikoka yofanana nayo kwa maora angapo osalekeza. Soketi yogwedera, kapena waya woonda wolumikizidwa ndi tepi, itentha pang'onopang'ono inu muli m'tulo. Itanani wodziwa za magetsi akuikireni soketi yaceyace ya galimoto, yokhala ndi waya wa pansi wogwira bwino ndi cozimitsira cace, pamalo posafika mvula. Zingwe zoonjezera zogula pa msika zikhale za wailesi. Masiku oyamba gwirani pulagi patapita ora limodzi. Ikatentha m'manja, zulani. Kabokosi kochajira ka pa khoma kafupikitsa nthawi, koma galimoto iyi siilandira zoposa makilowati 3.6, ndipo makina aakulu ochaja msanga sagwirizana nayo.

Tsopano tinyamuke ulendo wa kumudzi. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita ngati 570. Mukaisiya icite zace, batire lithera pafupi ndi Chongwe, popeza liwiro lalikulu lidya magetsi msanga. Kuli bwino kusankha kayendedwe ka hybrid mukangoturuka m'tauni, kuti injini igwire nchito pa mseu waukulu, pamene iyenda mosaononga, ndi kusunga magetsi ena a m'misika ndi m'matauni a m'njira. Potsika mapiri a ku Luangwa mudzaona muyeso wa batire ukukwera wokha, ndipo mabuleki sadzanunkha. Pali batani lina louza injini kuti idzaze batire poyenda. Limenelo lisiyeni, cifukwa magetsi opangidwa ndi petulo ndiwo odula koposa onse. Thanki yace ndi ya malita 50, yocepera ya Passat wamba, koma ikufikitsani ku Chipata.

Wogula station wagon afuna malo a katundu, ndipo apa batire likulandani kanthu. Popeza linatenga malo a thanki, thankiyo anaisunthira pansi pa buti. Motero buti imene m'Passat wamba iri ya malita 650, muno iri ya 483. Matumba a cimanga alowabe, makamaka mukagoneka mipando, koma cingwe naconso cifuna malo ace. Cacikulu ndi cakuti palibe dzenje la tayala lapadera. Opanga anangoikamo kapampu ndi botolo la mankhwala omatira. Zimenezo zithandiza pa msomali. Tayala long'ambika m'mbali pa dzenje la mseu, kupitirira Nyimba dzuwa litalowa, silimatika. Gulani tayala lathunthu ndi jeke, mulole kuti zidye malo. Ndiponso galimotoyi ndi yaifupi pansi ndi yolemera. Pa mahampu ndi m'njira za miyala yendani mwaulemu, pakuti cimene cingagunde pansi ndico ciwalo codula koposa m'galimoto yonse.

Pali tinthu tina timene eni ace atsopano adabwa nato. Kacitseko ka petulo sikatseguka msanga: mudina batani ndi kudikira pang'ono, cifukwa thanki ndi yotsekeka zolimba ndipo iyamba yaturutsa mpweya. Petulo ikakhalitsa miyezi yambiri iguga, cotero lolani injini iyende mtunda ndithu kamodzi pa milungu ingapo. Oilo asinthidwe pa nthawi yace ngakhale injini yagwira nchito pang'ono. Kulinso batire laling'ono la mavoti 12, longa la galimoto iriyonse. Likafa, galimoto siyaka ngakhale lalikulu liri lodzaza. Ndipo popeza iyenda mwakacetecete, mwana woseweretsa mpira pa geti saimva ikubwerera m'mbuyo. Ku Ulaya lamulo linafuna kuti galimoto zatsopano zonse zotere zikhale ndi kaphokoso kocenjeza kuyambira mu Julayi 2021, koma zambiri zakale ziribe. Tsitsani galasi, yang'anani, lizani huta.

Mabuleki, matayala ndi masipuling'i makaniko wanu wa masiku onse akonza. Koma mawaya onse okutidwa ndi mtundu wa lalanje anyamula mavoti oposa 300, okwanira kupha munthu. Amenewo asawakhudze wina koma wophunzitsidwa nchitoyo, wokhala ndi kompyuta yowerengera galimoto ya mtundu umenewu. Mupezeni munthuyo musanagule, mumfunsenso kuti zipangizo aziitanitsa kuti ndipo zifika patapita masiku angati. Kutentha nako kukalambitsa batire, cotero m'mwezi wa Okutobala mthunzi wa mtengo wa mango uli ndi phindu lace.

Potsiriza, za tsiku logula. Volkswagen inalonjeza kusamala batire kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000, cimene cayamba kukwana. Ndiye kuti pa galimoto ya 2015 lonjezolo linatha mu 2023, ndipo batire likafooka thumba lolira ndi lanu. Cotero musakhutire ndi ciwerengero coonekera pa galasi la kutsogolo, popeza cisintha monga mwa mayendedwe a amene anaiyendetsa dzulo. Pemphani wogulitsa aichaje usiku wonse. M'mawa onani ngati yadzazadi, lembani makilomita, ndipo muiyendetse pa magetsi okha m'njira yanu yeniyeni ya kunchito, kufikira injini idzuke yokha. Lembaninso makilomita. Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizo kuyerekezeni ndi mtunda umene muyenda pa tsiku, kupita ndi kubwera. Tsegulaninso buti muone ngati cingwe cirimo, ngati pulagi yace ndi ya mano atatu yolowa m'masoketi athu, ndiponso ngati sicinapsepo kunsonga. Mukacipeza ciri cokulungidwabe m'pulasitiki wace, mwadziwa umo mwini woyamba anaiyendetsera, ndipo injini ndiyo muipenyetsetse. Wogulitsa akakana kuyesa kumeneku, pitani kwa wina.